Dzanzi la paphewa kwa odwala shuga: kodi limachokera kuti kwenikweni?

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga, matenda ena onse amakhala ngati amuthawa. Mutu ukawawa, ndi shuga. Maso akachita chidima, ndi shuga. Phewa likayamba kunyerenyetsa ngati mukuyenda nyerere, kapena likachita dzanzi pakati pa usiku, apabanja amangoti, "Ndi shuga ameneyo, mwina wakwera," nkhani n'kuthera pomwepo. Akamanena za maso ndi mapazi, kawirikawiri amalondola. Koma pa phewa yankho limeneli limafulumira, ndipo kufulumira kwakeko kumatha kubisa matenda ochizika, nthawi zina ngakhale matenda ofuna kuthamangira nawo kuchipatala usiku womwewo.

Tiyambe tamvana pa mawu. Pa Chichewa timati mitsempha ponena njira za magazi, timatinso mitsempha ponena tizingwe tonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Pano tizingwe timeneti ndizititchula kuti minyewa, pofuna kusiyanitsa. Dzanzi, kunyerenyetsa, kubaya ngati singano, kutentha ngati wapaka tsabola: zonsezi ndi kulira kwa mnyewa umene wapanikizika, wasowa magazi kapena wawonongeka.

Shuga amawonongadi minyewa, ndipo pafupifupi theka la odwala shuga amakumana ndi vutoli m'kupita kwa zaka. Akachuluka m'magazi kwa nthawi yaitali amaumitsa ndi kutseka timitsempha ting'onoting'ono todyetsa minyewa, komanso amalowa m'kati mwa mnyewa momwemo n'kusokoneza kagwiridwe kake ka ntchito. Koma kuwononga kwake kuli ndi dongosolo. Aliyense amene anakhalapo kumapeto kwa mzere wa mipopi amadziwa kuti madzi akachepa mphamvu, mpopi woyamba kuuma ndi wa kutali ndi thanki. Minyewa ilinso chimodzimodzi. Yaitali kwambiri ndi imene imachoka m'munsi mwa msana kukafika ku chala chachikulu cha kuphazi, mtunda wa pafupifupi mita imodzi, ndipo ndi imene imayamba kufooka. N'chifukwa chake dzanzi la shuga limayambira ku zala za kumapazi, mapazi onse awiri mofanana, n'kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu akuvala sokosi. Likafika cha m'mawondo m'pamene nsonga za zala za kumanja zimayamba kumva. Phewa lili pafupi ndi khosi, pafupi ndi thanki. Likanakhala lomalizira, osati loyamba.

Ndiye ngati mapazi ali bwinobwino koma phewa limodzi likunyerenyetsa, funso loyenera si lakuti shuga ali pa ngati lero. Funso n'lakuti, mnyewa umenewu wapanikizika pati, kapena ndi chiwalo chiti chikulirira paphewa? Shuga akhoza kukhala kuti wathandizira, chifukwa mnyewa wa wodwala shuga suchedwa kuvulala ukapanikizidwa pang'ono, koma kawirikawiri sakhala yekha.

Zosadikira kuti kuche

Pali zinthu ziwiri zoti tichotseretu, chifukwa zimapha. Choyamba ndi mtima. Minyewa yochokera ku mtima imalowa mu msana pamalo amodzi ndi yochokera ku mkono ndi phewa, ndiye ubongo umasokonezeka n'kumamva ngati vuto lili pa mkono, makamaka wa kumanzere, ngakhale kuti limatha kumveka kumanja, m'nsagwada kapena pakati pa mapewa. Kwa wodwala shuga nkhaniyi ndi yoopsa mwapadera, popeza shuga amatha kugonthetsa minyewa ya mtima womwewo. Munthu mtsempha wa mtima ukutsekeka, iye osamva kupweteka pachifuwa kumene anthu amayembekezera. Amangomva phewa kulemera kapena kuchita dzanzi, thukuta lozizira, phuma, nseru, kutopa kosadziwika. Zikayamba pokwera chitunda kapena polima n'kumasiya popuma, musazitenge ngati kutopa kwa ukalamba. Zikabwera mutangokhala ndipo sizikusiya, pezani galimoto yothamangira kuchipatala.

Chachiwiri ndi sitiroko. Dzanzi la sitiroko limabwera mwadzidzidzi, mbali imodzi ya thupi, ndipo nthawi zambiri silikhala lokha: pakamwa pamakhota, mawu amamveka ngati a munthu woledzera, kapu imapulumuka m'manja. Ngakhale zitasiya patapita mphindi khumi, limenelo ndi chenjezo, si kuchira. Odwala shuga ambiri alinso ndi BP, ndipo ziwirizi zikakumana mitsempha ya mu ubongo imakhala pa ngozi.

Khosi

Tikachotsa zoopsazo, malo oyamba kuyang'ana ndi khosi. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: cholakwa chili m'khosi, wolira ndi phewa. M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, pakati pake pali timapilo tofewa, ndipo m'mbali mwake mumatuluka minyewa 8 mbali iliyonse, imene madokotala amaiwerenga kuyambira C1 mpaka C8. Munthu akamakula timapilo timeneti timaphwa, mafupa amamera timinyanga, ndipo timabowo totulukira minyewa timachepa. Mnyewa ukafinyidwa potulukira, munthu samva kwenikweni m'khosimo ayi, amamva kumene mnyewawo umathera.

Mapu ake ndi osangalatsa, ndipo munthu akhoza kudziyesa yekha asanapite kuchipatala. C5 imathera pamwamba pa phewa ndi kunja kwa mkono, pamalo paja amabaya katemera. C6 imatsika mpaka ku chala chachikulu ndi cha mkombaphala. C7, imene imafinyidwa kawirikawiri kuposa inzake, imapita ku chala chapakati. C8 imathera ku chala chaching'ono. Choncho dokotala akakufunsani kuti dzanzi likufika chala chiti, sikuti akungocheza. Dzanzi la khosi limasintha ndi mmene mwaikira mutu: mukaweramitsira mutu kumbuyo ndi kumbali yodwalayo limakula, mukatsokomola kapena kuyetsemula limathamanga ngati magetsi. Ambiri amazindikira okha kuti akaika dzanja pamutu amapezako bwino, chifukwa kutero kumamasula mnyewa wokokedwawo.

Kwathu kuno khosi limagwira ntchito imene khosi la mzungu wa m'mabuku a udokotala siligwira. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mayi amene wakhala akuisenza kuyambira ali mtsikana, kuwonjezera mitolo ya nkhuni ndi thumba la kuchigayo, wapanikiza timapilo timeneti kwa zaka makumi anayi. Nkhata imateteza liwombo, siteteza mafupa a m'khosi. A m'tauni nawonso asaseke: telala wowerama pa makina tsiku lonse, kalaliki wa pa kompyuta, ndi tonsefe amene timakhala chozyolikira pa foni, tikuchita zomwezo mwa njira ina. Chotonthoza n'chakuti ambiri ofinyidwa mnyewa m'khosi amachira popanda opaleshoni, pakati pa masabata 6 ndi 12, akachepetsa kusenza ndi kuchita mafizo. Koma miyendo ikayamba kulemera, kumanga mabatani kukavuta, kapena mkodzo ukamavuta kuugwira, ndiye kuti chofinyidwa si mnyewa umodzi koma chingwe chachikulu cha mu msana, ndipo pamenepo pafunika dokotala wa mafupa kapena wa minyewa mwamsanga. Khosi lowawa usiku limodzi ndi kutentha thupi, thukuta ndi kuonda limafunanso kuyezedwa TB ya m'mafupa, imene kuno si yachilendo.

Phewa louma

Tsopano tifike pamene shuga ali ndi mlandu weniweni. Mfundo ya phewa inakutidwa ndi kathumba kotamuka, kamene kamalola mkono kuzungulira mbali zonse. Shuga wochuluka amamatirira ku ulusi umene unapanga kathumbako n'kuulimbitsa, ngati chikopa chimene chasiyidwa padzuwa. Kathumbako kamatupa, kenako kamakhwinyata, phewa n'kuuma. Dokotala wa ku Boston, Ernest Codman, ndi amene anatcha vutoli frozen shoulder mu 1934, ngakhale kuti Simon Duplay wa ku France anali atalifotokoza kale mu 1872. Mwa anthu wamba limagwira 2 mpaka 5 pa 100 alionse. Mwa odwala shuga limagwira pakati pa 10 ndi 20 pa 100 alionse, limakhalitsa, ndipo limakonda kudzagwiranso phewa linalo. Si zachilendo kuti munthu adziwe kuti ali ndi shuga chifukwa choti anapita kuchipatala ndi phewa louma.

Kunena zoona, vuto limeneli silibweretsa dzanzi lenileni. Limabweretsa ululu, makamaka usiku pogonera mbali imeneyo, kenako kukanika kukweza mkono. Mayi amalephera kumanga duku kapena kufikira zipi ya kumsana, bambo amalephera kutulutsa kachikwama m'thumba la kumbuyo kapena kuvala jekete. Ndalitchula pano chifukwa odwala ambiri akamafotokoza ululu woyenderera kutsika mkono amagwiritsa ntchito mawu omwewo akuti dzanzi, ndiponso chifukwa munthu wa phewa lowawa amaumitsa khosi ndi kugona mopotoka, mpaka minyewa imapanikizikadi. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ngati vuto lili m'khosi, wina akakukwezerani mkono umakwera. Ngati ndi phewa louma, ngakhale dokotala akoke bwanji, mkono umaima pamalo amodzi ngati chitseko chadzimbiri, makamaka poutembenuzira kunja chigongono chili chogundana ndi nthiti.

Matendawa amatenga chaka chimodzi mpaka zitatu, kuyamba ndi miyezi ya ululu, kenako ya kuuma, kenako ya kumasuka pang'onopang'ono. Chimene ndimaona kuti anthu amalakwitsa n'kuumangirira mkonowo pa nsalu n'kuusiya osaugwedeza. Chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Phewa lofuna kuuma limafuna kuyendetsedwa tsiku ndi tsiku, mosamala, motsogozedwa ndi a fizo, amene amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu komanso m'zipatala zina za m'maboma. Jakisoni wa steroid wobaya mu mfundo amachepetsa ululu, koma amakweza shuga kwa masiku angapo, ndiye wobaya ayenera kuuzidwa kuti muli ndi shuga asanatenge singano.

Vuto likhozanso kuchokera kumunsi n'kukwera. Polumikizira dzanja ndi mkono pali kanjira kopapatiza, carpal tunnel, kodutsa mnyewa wopita ku chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chotsatira. Kuuma kwa ulusi komwe kuja kumachepetsa kanjirako, n'chifukwa chake odwala shuga amavutika nako kuposa ena. Munthu amadzuka usiku dzanja lafa, n'kumalikutumula kuti libwerere, ndipo ululu umatha kukwera mpaka paphewa moti amaloza phewa pomwe gwero lili ku dzanja. Ochapa pamanja, osinja, oluka tsitsi ndi ogwira chiwongolero cha njinga tsiku lonse amakudziwa kumeneku. Pa chigongono palinso mnyewa wina, uja umathetheka mukagunda pa tebulo, ndipo ukapanikizika dzanzi limapita ku chala chaching'ono.

Pali mtundu wina wosowa wa vuto la minyewa umene ndi wa shuga ndithu. Minyewa ya m'khosi ikatuluka imalukana ngati nkhata pansi pa fupa la pakhosi isanagawanike kupita mu mkono, ndipo nthawi zina timitsempha todyetsa nkhata imeneyi timatupa. Zimachitika kawirikawiri ku ntchafu ndi m'chiuno, mtundu umene Ludwig Bruns anaufotokoza mu 1890 ndipo Hugh Garland anaupatsa dzina loti diabetic amyotrophy mu 1955, koma zimachitikanso ku phewa. Zimakonda anthu opitirira zaka 50 a shuga wa mtundu wachiwiri (uja amayamba kawirikawiri munthu atakula), nthawi zambiri amene shuga wawo sanafike poipa kwenikweni, ndipo zimayenda ndi kuonda. Kayambidwe kake n'kosaiwalika: ululu woopsa mbali imodzi, wosagonetsa tulo, kenako patapita masiku kapena masabata ululu ukamachepa mkono umafooka, minofu ya paphewa n'kuphwa moonekeratu. Ambiri amabwerera mwakale, koma pamatenga miyezi yambiri, ndipo ena mphamvu sizibwerera zonse.

Chodabwitsa china n'chakuti kutsitsa shuga mothamanga kumathanso kupweteka minyewa. Zinalembedwa koyamba mu 1933, insulini itangotha zaka khumi ikugwiritsidwa ntchito. Munthu amene wakhala ndi shuga wokwera kwa zaka, akayamba mankhwala mwamphamvu n'kumutsitsa kwambiri m'miyezi itatu yokha, amatha kuyamba kumva moto m'mapazi, m'manja, ngakhale pathupi ponse. Apa wodwala amaganiza kuti mankhwala akumupha n'kuwasiya, chimene chili cholakwika chachikulu. Choyenera n'kubwerera kwa dokotala kuti katsitsidweko akakonze.

Mankhwala ndi chakudya

Metformin ndi mankhwala abwino, otchipa, ndipo ndi oyamba kupatsidwa kwa odwala shuga ambiri m'Malawi. Koma akamwedwa zaka zambiri amachepetsa mphamvu ya matumbo yoyamwa vitamini B12, amene minyewa siingakhale popanda iye. Vitamini ameneyu amapezeka mu nyama, chiwindi, nsomba, mazira ndi mkaka. Mu nsima, nyemba ndi masamba mulibe. Ganizirani tsopano gogo wa kumudzi amene akumwa metformin chaka chachisanu ndi chitatu, ndiwo zake ndi nkhwani ndi nyemba, usipa wa apo ndi apo. Dzanzi lake likayamba, aliyense adzati ndi shuga, pomwe jakisoni wa B12 akanaliletsa lisanakhazikike. Kusiyana ndi dzanzi la shuga, limeneli limatha kuyambira manja ndi mapazi nthawi imodzi, limodzi ndi kudzandira mu mdima, kuiwalaiwala ndi lilime lowawa. Musasiye metformin chifukwa cha nkhaniyi. Pemphani kuti akuyezeni.

Odwala shuga amagwidwa TB mosavuta kuposa ena, ndipo mwa mankhwala a TB muli isoniazid, amene amadya vitamini B6 n'kubweretsa dzanzi. Kambulu kakang'ono ka pyridoxine, dzina lina la vitamini B6, kamene amapereka pamodzi ndi mankhwalawo si kongowonjezera. Kachilombo ka HIV pakokha kamawononga minyewa, ndipo amene anamwapo ma ARV akale okhala ndi stavudine, amene anasiyidwa zaka zoposa khumi zapitazo, ena anatsala ndi dzanzi mpaka lero. Kachasu ndi mowa wina uliwonse wopitirira muyeso zimachita zomwezo. Impso zofooka ndi chithokomiro chaulesi zilinso m'gulu lomweli.

Mashingozi amanyenga chifukwa amayamba khungu lili loyera. Kachilombo ka katsabola kamene munadwala muli mwana kamagona mu muzu wa mnyewa, ndipo chitetezo chikatsika, monga zimakhalira ndi shuga, ukalamba kapena HIV, kamadzuka. Kwa masiku awiri kapena atatu, nthawi zina kuposerapo, pamakhala kunyerenyetsa, kuyabwa ndi kutentha pa kadera kamodzi, mbali imodzi, moti ngakhale malaya akakhudza pamawawa. Kenako matuza amatuluka mondondozana. Mankhwala a aciclovir amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka, ndiye phewa likamanyerenyetsa, pemphani wina aziyang'ana khungu la kumbuyoko m'mawa uliwonse.

Shuga akatsika kufika pansi pa 3.9 mmol/L, amene pa makina ena amaoneka ngati 70 mg/dL, munthu amathanso kumva kunyerenyetsa, koma kumakonda milomo, lilime ndi zala, pamodzi ndi kunjenjemera, thukuta ndi njala. Zimachitikira omwa mapiritsi a shuga a glibenclamide ndi obaya insulini akadumpha chakudya, ndipo zimatha pakangopita mphindi zochepa munthu atamwa chotsekemera. Phewa la kumanja likamawawa mutadya zamafuta, ndulu ikhoza kukhala ikulankhula, popeza ili pansi pa mnofu wopumira wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo mnyewa wa mnofuwo umachokera m'khosi momwemo, pa C3 mpaka C5.

Pa tsiku la kiliniki

Mzere wa kiliniki ya shuga ndi wautali ndipo nthawi ya dokotala ndi yochepa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti 5.6 pa 100 alionse a Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo ogwira ntchito sanachuluke molingana ndi chiwerengerocho. Mukangoti "ndikumva dzanzi," chapafupi n'chakuti mulemberedwa mankhwala otontholetsa minyewa a amitriptyline n'kuitanidwa wotsatira. Mukanena kuti linayamba liti, mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, mbali imodzi kapena zonse, likufika chala chiti, limasintha mukatembenuza khosi, mkono ukukwera kapena ayi, ndiponso ngati mapazi akumva bwino, mwamugwirira dokotala theka la ntchito. Tengani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, a zitsamba omwe.

Kuyeza kwake kwambiri n'kwa manja: kupotoza khosi, kuzungulitsa phewa, kugogoda ndi kanyundo poyesa minyewa, kukhudza mapazi ndi kaulusi kokanikiza ndi mphamvu ya magalamu 10. Musadabwe akakuvulitsani nsapato pomwe mwabwera ndi phewa. Mapazi ndi amene amanena ngati shuga wayamba kale kudya minyewa. Magazi a HbA1c amasonyeza mmene shuga wayendera pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo kwa ambiri cholinga ndi pafupifupi 7 pa 100. ECG imayang'ana mtima. X-ray ya khosi ili ndi msampha wake: anthu ambiri opitirira zaka 50 amaoneka ndi mafupa otha ngakhale sakumva kalikonse, ndiye chithunzi chokha sichigamula mlandu.

Kusamala shuga kumathandiza, koma tisanamizane za kukula kwa thandizolo. Kafukufuku wamkulu wa DCCT wa ku United States ndi Canada, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993, anapeza kuti kusamala kwambiri kunachepetsa matenda a minyewa ndi pafupifupi 60 pa 100 mwa odwala shuga wa mtundu woyamba. Mwa a mtundu wachiwiri, amene ndi ochuluka kuno, phindu pa minyewa limakhala locheperapo, ndipo BP, mafuta a m'magazi, kunenepa ndi fodya zimafunanso kugwiridwa. Amitriptyline, gabapentin, pregabalin ndi duloxetine zimatontholetsa mnyewa wolira, sizimasula mnyewa wofinyidwa, siziwongola phewa louma, sizibwezera B12.

Zochita za kunyumba nazo zili ndi mbuna zake. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi zogula pa golosale zimapha ululu, koma kumwa tsiku ndi tsiku kumapweteka impso zimene shuga wayamba kale kuzifooketsa. Kuthowa ndi madzi otentha pa khungu ladzanzi kumawotcha munthu osazindikira, choncho madziwo ayambe wayesa ndi wina. Ndipo mphini zotemedwa paphewa, zimene kwa munthu wina zimapola pa sabata imodzi, kwa wodwala shuga zimatha kusanduka chilonda chotukusira chokagoneka munthu m'wodi, phewa lija likunyerenyetsabe.